Nambala ya pa Katoni

Anzake a ku polisi ankamutcha Sapupuluma, ndipo sikuti kunali kumuyamikira. Mayi ameneyu ankatha kufunsa mboni funso limodzi mobwerezabwereza mpaka mboniyo kuyamba kukayikira dzina lake lomwe. Choncho m'mawa umenewo, mkulu wake atamuuza kuti, "Mlandu wa ku fakitale watha kale, wakuba ali m'chitokosi, mawa alowa m'khoti, inu mungokatenga mawu a mboni basi," aliyense mu ofesimo anadziwa kuti nkhaniyo yangoyamba kumene.

Woganiziridwayo anali bambo wosunga katundu pa fakitaleyo, amene anthu ankangomutchula kuti a Makiyi. Sapupuluma anayamba wakawaona m'chitokosi. Anawapeza ataima pakona, dzanja limodzi litagwira buluku m'chiuno poti lamba anali atawalanda, linalo likungofufuza pa ntchafu pamene mtolo wa makiyi unkalendewera masiku onse.

"Bambo, akuti munachotsa mabolodi enieni a zamagetsi m'sitolo n'kuikamo achinyengo."

"Ndamva choncho, mayi."

"Munatero?"

"Ine ndimalandira makatoni, ndimasanja pa shelefu, ndimakhoma. Akafuna katundu ndimatsekula. Za m'kati mwa bolodi maso angawa sangazione. Ngakhale anuwo."

Panja pa benchi panali mkazi wawo, atapinda lamba uja pamiyendo. Sanalire. Anangomuyang'ana Sapupuluma m'maso n'kunena kuti, "Bambo akunyumbawa ndi aliuma, ndi aukali, ndipo amaliza mkonono ngati thalakitala. Koma kuba ayi. Akalowa m'khoti mawa, ngakhale adzawamasule, dzina lapita."

*

Fakitaleyo inali yaukhondo kuposa chipatala. Pakhomo anamuveka chijasi choyera ndi timatumba kumapazi, moti anayenda m'khonde akuchita fwaa fwaa ngati mwana wovala nsapato za bambo ake.

Mwini fakitale anali bambo wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kukhala pansi. Anamuikira m'manja kachipangizo kofanana ndi mbale ya sopo.

"Ife pano timapanga maso a malole. Aka kamaikidwa kutsogolo kwa galimoto. Kamaponya mafunde amagetsi osaoneka, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, ndiye dalaivala amadziwa kuti kutsogolo kuli ng'ombe kapena munthu, ngakhale kutachita chifunga chotani. Koma tonse timene tapanga mwezi uno tachita khungu. Munthu waima poteropo, kachipangizo kali duu."

Anatsekula kachipangizoko. M'kati munali kabolodi kopyapyala, kodzaza ndi timizere ta chitsulo cha kopa tosongoka kuposa tsitsi.

"Mabolodi awa timagula kunja. Ali ndi nambala yawo, yalembedwa pa katoni, 3.5. Woyeza wathu wayeza amene ali m'sitolo, wapeza 4.1. Wina anasintha. Ndipo makiyi a sitolo amasunga munthu mmodzi." Anagunda thumba la jekete lake, makiyi n'kulira. "Munthu amene ndinkamukhulupirira kuposa m'bale wanga."

"Mukudziwa bwanji kuti mabolodiwo analowa m'sitolo ali enieni?" anafunsa Sapupuluma.

"Pamenepo ndiyankhe ndine, mayi sajeni, ngati apongozi angandilole."

Woyankhulayo anali bambo wa tayi yofiira amene anakhala phee pambali pa zenera. Anali mkamwini wa mwini fakitale, ndipo ndiye ankagula katundu yense. Mawu ake anali osalala ngati opaka mafuta.

"Tsiku limene katundu anafika, ndisanamupereke kwa a Makiyi, ndinadula kachidutswa n'kupita nako ku chipinda choyezera. Woyeza anali atapita kukadya, ndiye ndinayeza ndekha pa makina athu. Ine sindikonda kugula mphaka m'thumba."

"Munapeza zingati?"

"3.5."

"Ndendende?"

"Ndendende ngati pa katoni."

Sapupuluma anafunsa za lole imene inabweretsa katunduyo, za nyengo ya tsikulo, za mwana wake wa mkamwiniyo amene chithunzi chake chinali pakhoma. Kenako anabwerera mwakachetechete. "Pepani, mutu wangawu wakalamba. Mwati makina anaonetsa zingati?"

"3.5, mayi sajeni. Osapitirira, osaperewera."

Mwini fakitale anatambasula manja. "Mwamva? Analowa enieni, atuluka achinyengo. Mukufunanso chiyani?"

*

Woyeza anali mayi wamng'ono thupi, wosaseka, amene ankayankha ngati mawu amagula. Chipinda chake chinali chozizira, ndipo patebulo panali makina okhala ndi galasi longa la kanema ndi mawaya awiri abuluu.

"Munthu wina angalowe muno inu kulibe?"

"Masana sindikhoma."

"Bwana munawauza chiyani?"

"Anandifunsa nambala. Ndinati 4.1, koma... Pa 'koma' pomwepo anali atatuluka kale."

"Tandiyezereni ndione."

Woyezayo anatenga chidutswa cha bolodi la m'sitolo chimene anali atachijambula kamzere ka kopa, n'kulumikiza mawaya kunsonga zake. Pa galasi panatuluka 4.1. Sapupuluma anapempha kuti ayeze chidutswa china cha bolodi lomwelo, chimene kamzere kake kanayenda mopingasa. Panatuluka 4.2.

"Nanga yasinthanso bwanji? Si bolodi limodzi lomweli?"

"Ndi lomweli."

"Ndiye nambala yoona ndi iti?"

Kwa nthawi yoyamba mayiyo anamwetulira, pang'ono chabe. "Funso limenelo kafunseni a Zimatengera. Koma mukhale mutadya."

Sanavutike kukawafuna. Injiniya wamkulu anali ataima kale pakhomo, magalasi pamphumi, kapu ya tiyi wozizira m'manja. Dzina lija analipeza chifukwa ngakhale utawafunsa kuti kunja kukugwa mvula kapena ayi, ankayamba ndi mawu omwewo.

"Nambala yoona?" anatero. "Zimatengera, mwanawe. Tabwera uone kaye."

Anamukhazika pa makina okuza zinthu, n'kuika pansi pake chidutswa chosendedwa kopa. Sapupuluma anasuzumira mosafuna.

Munali nsalu. M'kati mwa kanthu kouma kaja, kamene iye ankangokaona ngati pulasitiki, munali nsalu yolukidwa bwinobwino, ulusi uwu pamwamba, uwu pansi, ndipo ulusi uliwonse unali mtolo wa timaulusi tambirimbiri tonyezimira ngati madzi a m'mawa. Pakati pa zolukazo panali timawindo todzaza ndi chinthu chonga uchi wouma. Anakhala akuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mlandu unkafunira. Anakumbuka foni yake ili m'thumba, wailesi ya kunyumba, kompyuta ya ku ofesi. Zaka zonsezi ankayenda ndi nsalu zotere osadziwa.

"Ulusiwo ndi galasi," anatero injiniya uja motsitsa mawu, ngati ali m'tchalitchi. "Chonga uchicho ndi utomoni. Magetsi sadutsamo, n'chifukwa chake timayalapo timizere ta kopa. Koma tamvera izi. Mafunde akamathamanga, sayenda m'kati mwa kopa ngati madzi m'paipi ayi. Amayenda m'mbali mwake, akupondaponda m'nsalu yomweyi, ndipo nsaluyi imawagwira miyendo. Nambala imene mukuvutana nayoyi, ife timati Dk, imangotiuza kuti bolodi limawachedwetsa bwanji mafundewo. Mumpweya amathamanga ngati munthu pamsewu, nambala yake ndi 1. Mu utomoni ngati pamchenga, cha m'ma 3. Mu galasi ngati m'matope, cha m'ma 6. Tsono kamzere kakayenda pamwamba pa ulusi kamva china, kakadutsa pa kawindo kamva china. Kakayenda chautali, kakayenda chopingasa, sizifanana."

"Ndi zokhazo?"

"Zokhazo? Bolodi likamwa chinyezi nambala imakwera, poti madzi ndiye amagwira mafunde kuposa zonse. Kukatentha imasuntha. Ukaponya mafunde othithikana imayankha china, otalikirana imayankha china. Ngakhale kukhakhala kwa kunsi kwa kopa kumaiwonjezera." Anamwa tiyi wozizira uja osazindikira. "Ndagwira ntchito imeneyi mpaka tsitsi latha, koma ndikaganiza kuti kuchedwa kochepa chonchi, kumene palibe wotchi ya pamkono ingakuwerenge, ndi kumene kumapulumutsa mwana wowoloka msewu m'chifunga, thupi limandichita tsemwe."

Sapupuluma naye linamuchita. Ndipo pamodzi ndi tsemwelo panabwera chiyembekezo.

"Ndiye kuti nambala si mboni yodalirika," anatero mofulumira, kuiwala dzina lake. "Mwina palibe anasintha kanthu. Mwina mabolodiwo angomwa chinyezi, ndipo bambo aja ali m'chitokosi popanda mlandu."

Injiniya anayang'anizana ndi woyeza. Nkhope yake inagwa.

"Ndikanakonda zikanakhala choncho. A Makiyi ndi mnzanga."

Anatsekula kabati yake n'kutulutsa chidutswa china chachikale, chojambulidwa kale kamzere. "Ichi ndi cha mabolodi a chaka chatha. Malole onse amene akuona bwino pamsewu ali ndi amenewa. Tayeza onse awiri, uyambire mafunde otalikirana mpaka othithikana."

Woyeza analumikiza. Pa galasi panayenda mizere iwiri. Wa bolodi lachikale unangoyenda tayale, osagwedezeka. Wa bolodi la m'sitolo unkatsetsereka, ndipo mafunde akamathithikana ankafooka mpaka kutsala pang'ono kuzimirira.

"Ndaliyanika mu uvuni, ndalitembenuza mbali zonse," anatero woyeza. "Limadya mafunde. Si lathu."

"Nambala imodzi singamange munthu," anawonjezera injiniya. "Koma mayendedwe ake sanama. Wina anasinthadi."

Sapupuluma anakumbuka lamba uja ali pamiyendo ya mayi pa benchi. Anayamba kuvula chijasi choyera kuti azipita, ndipo pamenepo maso ake anagwera pakona ya galasi la makina, pamene nambala ya bolodi lachikale inali ikuwalabe.

Anaima, mkono umodzi uli m'chijasi.

*

"Bolodi lachikaleli mwati ndi lenileni?"

"Ngati dzuwa," anatero injiniya.

"Nanga apa pakuti 3.7 bwanji? Pa katoni analemba 3.5."

Maso a mkuluyo anawala ngati a mwana amene wafunsidwa za mpira. "Eya, pamenepo ndiye pokoma. Opanga mabolodi sanama, ife sitinama, koma sitifunsa funso lofanana. Iwo amatenga bolodi lopanda kopa, amalipana pakati pa zitsulo ziwiri n'kuyeza. Ngakhale apane chotani, pakati pamatsalira kampweya kosaoneka, ndipo mpweya umatsitsa nambala. Amapeza 3.5. Ife timayeza pa kamzere komatiratu pa bolodi, popanda mpweya, kopa wake wokhakhala kunsi. Timapeza 3.7. Onse tikunena zoona."

"Makina anuwa angaonetse 3.5 pa bolodi lenileni?"

"Zimate..." Mkuluyo anaima. Anaganiza, n'kupukusa mutu, iye mwini akudabwa. "Ayi. Pamenepa sizitengera. Angasunthe pang'ono uku ndi uku, koma 3.5 sangafike ngakhale mutawagwadira."

"Chiyambire sindinaionepo," anatero woyeza. "Bwanji?"

Sapupuluma anabwezera mkono wina m'chijasi pang'onopang'ono, n'kumanga mabatani onse. Pa zaka zake zonse za upolisi anali ataphunzira chinthu chimodzi: mboni yoona ukaifunsa kawiri imasintha pang'ono, lero iti galimoto inali yabuluu, mawa iti mwina yobiriwira. Imene imayankha ndendende nthawi zonse ndi imene inachita kuloweza. Chimene sankadziwa n'chakuti ngakhale kabolodi kopanda pakamwa kamatsata lamulo lomwelo, ndipo zinamuchititsa mantha okoma.

"Chidutswa chachikalechi mundibwereke," anatero. "Ndipo ndikabwera ndi alendo, nonse awiri musatsekule pakamwa mpaka nditakufunsani. Makamaka inu, bambo."

*

Anabwera nawo onse awiri, mpongozi ndi mkamwini. Mwini fakitale ankadandaula za ntchito imene yaima. Mkamwini ankakonza tayi yake.

"Tangotsala ndi kanthu kamodzi kuti mlandu ulimbe m'khoti," anatero Sapupuluma mofatsa. "Mutionetse mmene munayezera tsiku lija. Chidutswa ndi ichi."

Mkamwini anachilandira. Anayang'ana makina, anayang'ana mawaya abuluu aja. Anatenga waya mmodzi n'kuyesa kuulowetsa pamalo pamene sunkalowa.

"Makinawa awasintha malo," anatero akuseka. "Mayi, tathandizani, inu ndinu eni ake."

Woyeza analumikiza. Pa galasi panatuluka 3.7.

"Mwaona, apongozi?" anatero mkamwini mwachangu. "Ichinso n'chachinyengo. Lenileni limaonetsa 3.5. Zikuoneka kuti a Makiyi anayamba kalekale."

"Mukutsimikiza?"

"Ndinaona ndi maso angawa, pa galasi lomweli."

Sapupuluma anatembenukira kwa injiniya, amene anali atatupa ndi mawu ngati chule. "Tsopano yankhulani, bambo."

Mkuluyo anafotokoza zonse, za zitsulo zopana, za kampweya, za kopa wokhakhala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anamaliza msanga. Anati chidutswacho chinali cha mabolodi amene ali m'malole onse oona bwino, ndipo kuti 3.5 ndi nambala imene munthu angaipeze malo amodzi okha pa fakitale yonseyo: pa katoni.



"Simunayeze kanthu," anatero Sapupuluma. "Munawerenga pa katoni. Ndipo munthu sanama kuti katundu analowa ali weniweni pokhapokha akudziwa kuti sanali weniweni. A Makiyi anakhomera m'sitolo chimene inu munawapatsa."

Thukuta linatsika m'khosi mwa mkamwini mpaka kunyowetsa kolala, ngakhale chipindacho chinali chozizira. Atayankhula, mafuta aja anali atatha m'mawu.

"Ababa, ndinagula otchipa kwa wogulitsa wina amene anandiuza kuti ndi ofanana. Amaoneka chimodzimodzi. Ndinangowaika m'makatoni akale. Ndinkaganiza kuti nambala ndi nambala basi, palibe angadziwe."

"Ndipo tizipangizo titachita khungu unakhala chete," anatero mwini fakitale. Mawu ake aakulu aja anali atachepa. "Unandiperekeza ku polisi. Unanditsekulira chitseko cha galimoto."

Anakhala pansi, mwina kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Sapupuluma anamumvera chisoni. Khoswe anali atakhala pamkhate: wakubayo anali mwamuna wa mwana wa mwini fakitale, bambo wa mdzukulu wa pachithunzi chija. Sapupuluma anadikira kuti amve mawu amene ankawadziwa bwino, akuti tikambirana kunyumba.

Mwini fakitale anayang'ana kabolodi kali patebulo nthawi yaitali.

"Timeneti tikanapita pamsewu," anatero potsiriza. "Mutengeni, mayi."

*

Dzuwa linali litapendeka pamene a Makiyi anatuluka m'chitokosi, akuphethira, dzanja likadali m'chiuno. Mkazi wawo anaimirira n'kuwapatsa lamba. Anamanga pang'onopang'ono, ndipo anaphonya kabowo kamodzi. Mayiyo anawakonzera.

Mwini fakitale anali ataima poteropo, mtolo wa makiyi uli m'manja. Anasendera pafupi.

"Achimwene, ndalakwa. Zinthu zimenezi n'zovuta, ine sindinkadziwa. Tayeza mabolodi aja mobwerezabwereza, chautali, chopingasa, owuma, njira zosiyanasiyana, ndiye taona kuti nambala imodzi siyokwanira kuweruzira. Makiyi anu ndi awa. Mawa mubwere kuntchito."

A Makiyi anayang'ana mtolowo. Dzanja lawo linanyamuka lokha, mwachizolowezi, koma mkazi wawo analigwira n'kulitsitsa.

"Bwana," anatero mayiyo, mawu ali pansi, "kachidutswa ka pulasitiki mwakayeza chautali, mwakayeza chopingasa, mwakayanika, mwakayezanso, kuopa kukanamizira. Nanga bambo awa, amene akutsekulirani chitseko kuyambira tsitsi lawo lili lakuda, munawayeza kangati?"

Mtolo wa makiyi unangolira pang'ono m'manja mwa mwini fakitale.

Awiriwo anatsika masitepe n'kulowa mumsewu, mayi patsogolo, bambo pambuyo. Lole yaikulu inali ikubwera, ndipo isanawayandikire inachepetsa liwiro n'kuima kuti awoloke. Sapupuluma anaona kachipangizo konga mbale ya sopo kutsogolo kwake, ndipo tsemwe lija linamubwereranso. Anawayang'ana mpaka anakhota pakona. Mwini fakitale anali akadali chiimire pambali pake, mkono uli chitambasulire.